Khofi wa ku Ethiopia ndi Malamulo a Boma: Mafunso ndi Mayankho pa Zomwe Zafikira Mlimi Wamng'ono

Kuyambira mu 2008, boma la Ethiopia lasintha kwambiri malamulo a malonda a khofi kawiri, ndipo ulendo wachiwiri linamasula zambiri zomwe linamanga ulendo woyamba. Maulendo onse awiri akuluakulu ankati akuchitira mlimi. Mafunso ali m'munsiwa akulondola nkhaniyi kuti tione chomwe chinafikadi m'manja mwa banja lomwe lili ndi mitengo yake ya khofi kuseri kwa nyumba.

N'chifukwa chiyani boma la Ethiopia limalowerera kwambiri pa khofi?

Khofi wa mtundu wa arabica kwawo ndi ku Ethiopia. Mpaka lero amamera yekha m'nkhalango za kumwera chakumadzulo, m'dera la Kaffa. Mu Africa monse palibe dziko lokolola khofi wochuluka kuposa Ethiopia, ndipo anthu pafupifupi 15 miliyoni a m'dzikomo amadalira mbewuyi. Pa ndalama zakunja zomwe dzikolo limapeza pogulitsa katundu, khofi yekha amabweretsa gawo limodzi mwa magawo anayi, zaka zina limodzi mwa magawo atatu. Mafuta a galimoto, mankhwala ndi feteleza zimagulidwa ndi madola amenewo. Boma likamayang'ana thumba la khofi limaona madola, ndipo malamulo ake ambiri mutha kuwamvetsa pokhapokha mutakumbukira mfundo imeneyi.

Palinso china chomwe mayiko ena olima khofi alibe. Pafupifupi theka la khofi yense amamwedwa m'dziko momwemo, chifukwa kukazinga ndi kumwa khofi pamodzi ndi achibale ndi anansi ndi mwambo wa tsiku ndi tsiku. Msika wa m'dzikomo ndi wamphamvu moti nthawi zina umapereka mtengo woposa wakunja. Pofuna kuti madola asaphonyeke, lamulo limaletsa kugulitsa m'dzikomo khofi wa giledi yoyenera kutumizidwa kunja.

Khofi amadutsa m'manja mwa ndani asanafike pa doko?

Pafupifupi 95 peresenti ya khofi wa ku Ethiopia amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono, ndipo ambiri mwa iwo khofi wawo sadzaza ngakhale hekitala imodzi. Amathyola zipatso zofiira kuyambira mu Okutobala mpaka cha mu Januwale. Akathyola, mlimi amasankha: kugulitsa zipatsozo tsiku lomwelo ku fakitale yotsukira khofi, kapena kuziyanika pakhomo n'kuzisunga kuti azigulitsa pang'onopang'ono vuto likamugwera. Zofiira sizidikira, zikagona zimayamba kusasa. Zouma zimakhala miyezi, ndipo mabanja ambiri amasungira ndalama zawo m'matumba a khofi woumayo.

Amene amagula kwa alimi n'kukonza khofiyo ndi amalonda a ziphaso otchedwa akrabi. Iwo ndiwo eni ake a mafakitale ambiri otsukira ndi makina ochotsera makoko. Pansi pawo panali mavenda oyendayenda m'midzi, otchedwa sebsabi. Akrabi amagulitsa kwa makampani otumiza kunja, ndipo khofi amatsikira ku doko la Djibouti, pakuti Ethiopia ilibe nyanja yamchere. Pamafunika makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso zofiira kuti papezeke kilogalamu imodzi ya khofi wopita kunja. Kumbukirani chiwerengero chimenechi mukamayerekeza mtengo wa pa msika waukulu wa khofi wa ku New York ndi womwe mlimi amalandira pa sikelo.

Zinthu zinali bwanji 2008 isanafike?

Mu ulamuliro wa asilikali wa Derg, kuyambira 1974 mpaka 1991, kampani ya boma ya Ethiopian Coffee Marketing Corporation ndiyo inkagwira gawo lalikulu la malondawa. Mtengo unkaikidwa ndi boma, misonkho inali yolemera, ndipo mlimi ankatsala ndi kagawo kochepa. Derg itagwa, boma latsopano linatsegulira amalonda wamba, koma khofi ankayenerabe kudutsa pa okushoni ya ku Addis Ababa kapena ku Dire Dawa.

Ufuluwo unabwera pa nthawi yoipa. Mu 1989 mgwirizano wa mayiko womwe unkachepetsa khofi wolowa pa msika wa dziko lonse unatha, ndipo pofika 2001 mtengo unali utatsika kufika pansi pa masenti 50 a dola pa paundi (muyezo wa kulemera wochepera pang'ono theka la kilogalamu). Kum'mawa, m'madera ozungulira Harar, alimi ambiri anazula khofi n'kubzala khat, chitsamba chomwe masamba ake anthu amatafuna, chifukwa chimakololedwa kangapo pa chaka ndipo ndalama yake ndi yapompopompo. Pa okushoni panalinso matenda ake. Makampani ena ankalipira akrabi ndi macheke opanda ndalama ku banki. Ena anali ndi chiphaso cha akrabi komanso cha kutumiza kunja, ndiye ankabweretsa khofi wawo pa okushoni n'kudzigula okha, ena onse akungoonerera.

Kodi ECX ndi chiyani, ndipo inayamba bwanji?

Ethiopia Commodity Exchange, mwachidule ECX, ndi msika wa mbewu womwe boma linatsegula mu Epulo 2008. Anautsogolera ndi Eleni Gabre-Madhin, katswiri wa zachuma yemwe anagwirapo ntchito ku World Bank ndi ku bungwe lofufuza za chakudya la IFPRI. Chomwe chinkamuwawa si khofi, koma chimanga ndi tirigu. Anaona alimi akukolola zochuluka, mtengo n'kugweratu mu 2002, kenako chaka chotsatira anthu mamiliyoni n'kusowa chakudya. Ankafuna msika womwe wogula ndi wogulitsa osadziwana angakhulupirirane.

Koma 2008 chinali chaka chomwe mitengo ya chakudya inakwera pa dziko lonse, ndipo malonda a mbewu zodya pa ECX sanayende. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano la khofi, nambala 602/2008, okushoni yakale inatsekedwa, ndipo mu Disembala khofi analowa pa ECX. Kuyambira pamenepo, kampani iliyonse yofuna kutumiza khofi kunja inayenera kumugula pa ECX basi. Omwe anasiyidwa kuti azigulitsa okha kunja ndi mabungwe a makoparetivi komanso eni minda ikuluikulu. Kukhala akrabi komanso wotumiza kunja pa nthawi imodzi kunaletsedwa.

Pali chomwe ECX inakonza?

Chilipo, ndipo si chaching'ono. Akrabi ankapereka khofi wake ku nyumba yosungiramo katundu ya ECX m'matauni monga Hawassa, Dilla, Jimma, Bonga kapena Gimbi. Kumeneko ankamuyeza, akatswiri ankamulawa n'kumupatsa giledi, ndipo mwini wake ankalandira risiti. Wogula ankayamba waika ndalama ku banki asanagule, choncho wogulitsa ankalandira zake tsiku lotsatira. Macheke abodza anatha. Mitengo ya tsikulo inkaonetsedwa pa zikwangwani za magetsi m'matauni a kumidzi ndiponso kutumizidwa pa foni. Mayiko ambiri a mu Africa anatumiza nthumwi kukaona momwe msikawu unkayendera.

Nanga ogula akunja ankadandaula chiyani?

Ankadandaula kuti khofi wataya dzina. Msika wa mtundu wa ECX umayenda bwino ngati thumba lililonse la giledi imodzi likufanana ndi linzake. Chimanga chimatero, koma khofi wa ku Ethiopia satero. Khofi wa phiri lina ku Yirgacheffe amakoma mosiyana ndi wa phiri loyandikana nalo, ndipo pali makampani okazinga khofi ku America, ku Japan ndi ku Ulaya omwe amalipira kawiri kapena katatu kuti apeze khofi wa fakitale yakutiyakuti, ya mudzi wakutiwakuti. Pa ECX wogula ankangoona dera lalikulu ndi giledi. Sankaloledwa kulawa asanagule, ndipo sankadziwa kuti matumba omwe apatsidwe achokera kwa yani. Zili ngati kuthira mpunga wa Kilombero m'thumba limodzi ndi mpunga wina uliwonse wa ku Karonga n'kulembapo kuti "mpunga wa kumpoto": amene anavutikira fungo lake salandirapo kanthu.

Apa ndi pomwe mlimi wamng'ono anapwetekeka mosaonekera. Kuthyola zipatso zofiira zokhazokha n'kusiya zosapsa kumafuna kubwerera mumtengo umodzi kangapo. Kuyanika pa thandala m'malo mwa pansi kumafuna ndalama ndi nthawi. Akrabi akadziwa kuti khofi wake wosamalidwa bwino akalowa m'gulu limodzi ndi wa anzake, alibe chifukwa cholipirira mlimi zochuluka pa zipatso zosankhidwa bwino, ndipo mlimi nayenso amaleka kusankha.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chaka chimodzi chokha m'mbuyomo, mu 2007, boma lomweli linali litagwirizana ndi kampani ya ku America yogulitsa khofi ya Starbucks pambuyo pa mkangano wautali woteteza mayina a Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe kuti akhale chuma cha Ethiopia. Linkadziwa bwino kuti dzina ndi ndalama. ECX inayesa kukonza vutoli: inawonjezera magiledi a khofi wapamwamba, mu 2010 inayambitsa njira yogulitsira khofi wotereyu mwachindunji yomwe sinakhalitse, ndipo mu 2015 inayamba kumata zizindikiro pa matumba kuti azilondoleka. Ogula sanakhutire.

Kodi mlimi wamba ankagulitsa pa ECX?

Ayi. Pa ECX ankagulitsa ndi mamembala okhala ndi mpando, ndipo khofi ankagulitsidwa m'magulu a matumba makumi angapo. Mlimi wa theka la hekitala amabwera ku msika ndi dengu kapena kathumba pa bulu. Malipiro a tsiku lotsatira omwe ankatamandidwawo ankapita kwa akrabi.

Kwa mlimi, lamulo la 2008 linabweretsa chinthu china. Linachotsa mavenda a sebsabi n'kulamula kuti khofi azigulitsidwa m'misika yosankhidwa ndi boma m'midzi, komwe akrabi angapo angapikisane poyera. Kwa amene ali pafupi ndi msika wotero zinathandiza. Kwa amene ali kuseri kwa mapiri, komwe msewu umafa mvula ikagwa, venda sanachoke. Anangosanduka wotumidwa ndi akrabi n'kumagulabe pakhomo, tsopano mobisa. Ofufuza a IFPRI atayerekeza mitengo ya ECX isanabwere ndi ya pambuyo pake, anapeza kuti momwe mtengo wa kunja umafikira m'misika ya m'dzikomo sizinasinthe kwenikweni. Kudziwa mtengo wa ku Addis Ababa n'kwabwino, koma ngati wogula m'mudzi ndi mmodzi ndipo munam'kongola kale ndalama m'miyezi ya njala, mtengowo mumangoumva.

Lamulo la 2017 linasintha chiyani?

Lamulo nambala 1051/2017 linachotsa chikakamizo chodutsa pa ECX. Kampani yotumiza kunja inaloledwa kugula mwachindunji kwa akrabi pa mgwirizano wolembedwa, kapena kukhala ndi fakitale yakeyake yotsukira. Akrabi analoledwa kutenga chiphaso chotumizira kunja. Mlimi wokhala ndi mahekitala awiri kapena kuposerapo analoledwanso kugulitsa khofi wake kunja payekha. Woyang'anira zonsezi ndi bungwe la boma la Ethiopian Coffee and Tea Authority.

Pasanathe zaka zambiri, khofi wochuluka wopita kunja anayamba kudutsa njira yachindunjiyi, ECX n'kutsala ndi gawo lochepa. Dzina linabwerera pa thumba. Lero m'masitolo a ku London kapena ku Seoul mumapeza khofi wolembedwa dzina la mudzi wa ku Guji kapena ku Sidama, nthawi zina dzina la mlimi amene. Mu 2020 mpikisano wa Cup of Excellence unachitika koyamba ku Ethiopia, ndipo khofi wa mlimi wa ku Sidama yemwe anapambana anagulidwa pa madola 185 pa paundi.

Ndiye kuti mlimi aliyense atha kugulitsa yekha kunja?

Pa pepala, wa mahekitala awiri atha. Koma alimi ambiri a khofi alibe malo otere, ndipo ngakhale amene ali nawo amakumana ndi khoma lina. Kontena imodzi imanyamula matani pafupifupi 19, pomwe munda wa mahekitala awiri ukapatsa tani imodzi kapena awiri ndiye kuti chaka chayenda bwino. Pamafunika mathandala oyanikira, antchito osankha, ndalama yolipirira makina ndi galimoto, munthu wodziwa Chingerezi ndi mapepala a ku banki, komanso wogula amene akukudziwani. Kenako pamafunika kudikira miyezi ingapo ndalama isanalowe. Alipo alimi omwe akwanitsa ndipo miyoyo yawo yasinthadi. Ambiri mwa iwo anali kale pamwamba pa anzawo m'mudzi. Khomo linatseguka, koma linatsegukira ochepa, ndipo sikoyenera kutenga nkhani ya mlimi wa madola 185 ngati chithunzi cha mabanja mamiliyoni.

Kodi mtengo wa zipatso m'midzi unakwera pambuyo pa 2017?

M'madera otchuka monga Yirgacheffe, Guji ndi Sidama unakwera, zaka zina kwambiri. Mafakitale atsopano anamangidwa moyandikana, makampani anayamba kulimbirana zipatso, ndipo ena anayamba kupereka malipiro achiwiri khofi akagulitsidwa bwino. Mpikisano umenewu ndiwo phindu lalikulu lomwe mlimi wamba anapeza pa kusinthaku, kuposa chilolezo chotumizira kunja.

Koma tisathamange kuyamika lamulo pa chilichonse. M'zaka zomwezo mtengo wa khofi pa dziko lonse unakwera chifukwa cha chilala ndi chisanu ku Brazil mu 2021, ndipo mitengo ya zinthu ku Ethiopia inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposerapo pa chaka. Mlimi ankalandira mabirr (ndalama ya ku Ethiopia) ambiri, koma teff (mbewu yomwe amadya kwambiri kumeneko), mafuta ophikira, feteleza ndi ganyu yothyola zinkakweranso. Madera omwe khofi wake alibe dzina lotchuka sanaone mpikisano wofanana. Vuto lakale linabwereranso: kunja kwa ECX, akrabi ena anayamba kupereka khofi pa ngongole kwa makampani, ndipo madandaulo a osalipidwa anamvekanso. Akrabi akapanda kulipidwa, chaka chotsatira fakitale yake imatsegula mochedwa kapena siitsegula n'komwe, ndipo zipatso za mlimi zimasowa kolowera.

Zimatheka bwanji kuti makampani ena ankagulitsa khofi kunja motaya?

Funso limeneli ndilo limavundukula zambiri. Kwa zaka zambiri boma linkaika lokha mtengo wa birr, ndipo madola ankasowa m'mabanki. Wamalonda wofuna kuitanitsa magalimoto, zitsulo kapena zida zomangira ankadikira miyezi kuti apatsidwe madola. Njira yachidule inali kukhala wotumiza khofi kunja. Munthu ankagula khofi modula m'dzikomo, kumugulitsa kunja pa mtengo wotsika, kupeza madola, kuitanitsa katundu, n'kubweza zotayikazo pogulitsa katunduyo. Kwa iye khofi sanali bizinesi, anali njira yofikira madola. Izi zinkakweza mtengo m'dzikomo, zomwe mlimi ankakondwera nazo kwa kanthawi, koma zinkafinya makampani odziwadi khofi ndi makoparetivi omwe analibe bizinesi ina yobwezera.

Boma lakhala likuyankha ndi dzanja lolemera. Mu Malichi 2009, nduna yaikulu Meles Zenawi atadzudzula amalonda kuti akubisa khofi podikira mtengo wabwino, makampani akuluakulu asanu ndi limodzi analandidwa ziphaso ndipo khofi wawo anagwidwa. Mu 2020 bungwe loyang'anira khofi linayamba kulengeza mlungu uliwonse mtengo wotsikitsitsa womwe giledi iliyonse ingagulitsidwire kunja. Cholinga chinali chabwino, kuletsa kutaya khofi ndi kunamiza boma pa mitengo. Koma mtengo wa dziko lonse utatsika, wa boma unkachedwa kutsika, ogula ena anapita kwina, ndipo m'chaka cha 2022/23 khofi wotumizidwa kunja anachepa. Mu 2022 banki yaikulu inalamulanso kuti wotumiza kunja azisunga 20 peresenti yokha ya madola ake, otsalawo aziwasintha pa mtengo wa boma, womwe unali pansi kwambiri poyerekeza ndi wa pa msika wamseri. Kusiyana kumeneko kunali ngati msonkho wosalembedwa, ndipo msonkho uliwonse wa pa khofi umatsetsereka mpaka kukafika pa sikelo ya m'mudzi. N'chifukwa chakenso khofi wina amazembetsedwa kudzera m'malire.

Nanga kumasulidwa kwa birr mu 2024 kunathandiza?

Pa 29 Julayi 2024, pogwirizana ndi IMF, boma linasiya kuti mtengo wa birr uziyendera msika. Dola imodzi inali pa mabirr pafupifupi 57, ndipo pasanathe milungu yambiri inadutsa 100. Otumiza kunja analoledwa kusunga theka la madola awo. Chaka chomwecho boma linalolanso makampani akunja kugula khofi m'dzikomo n'kumutumiza okha, ntchito yomwe kwa zaka zambiri inali ya nzika zokha. Zinakumana ndi mtengo wa dziko lonse womwe mu Febuluwale 2025 unadutsa madola 4 pa paundi. M'chaka cha 2024/25 Ethiopia inatumiza matani pafupifupi 469,000 n'kupeza madola oposa 2.6 biliyoni, pomwe chaka cham'mbuyo inapeza pafupifupi 1.4 biliyoni.

Mtengo wa zipatso m'midzi unakweradi. M'kuona kwanga, kusintha kwa ndalamaku kunakhudza thumba la mlimi kuposa malamulo onse awiri a khofi, chifukwa kunachotsa gawo lomwe linkadulidwa khofi asanalipidwe n'komwe. Komabe birr yofooka imakwezanso chilichonse chochokera kunja, ndipo fakitale yomwe kale inkafuna ngongole yakutiyakuti kuti igule zipatso tsopano ikufuna kawiri kapena katatu pake. Makampani akuluakulu ngongole amaipeza. Ang'onoang'ono ndi makoparetivi amavutika.

Makoparetivi ali pati m'nkhani yonseyi?

Mabungwe awo akuluakulu anabadwa pa nthawi yomwe mtengo unali pansi: la Oromia mu 1999 motsogozedwa ndi Tadesse Meskela, la Sidama mu 2001, ndi la Yirgacheffe mu 2002. Amagulitsa okha kunja, ambiri ali ndi ziphaso za Fairtrade (za malonda achilungamo) ndi za ulimi wosathira mankhwala, ndipo gawo lalikulu la phindu limabwerera ku makoparetivi a m'midzi, omwe amagawira mamembala malipiro achiwiri. M'zaka za ECX anali ndi mwayi waukulu, popeza wogula wofuna khofi wodziwika komwe wachokera analibe kwina kopita kupatula kwa iwo ndi ku minda ikuluikulu. Lamulo la 2017 linawachotsera mwayi umenewo.

Chowafooketsa chachikulu ndi ndalama ya pa nthawi yokolola. Ngongole ya ku banki ikachedwa, koparetivi imatsegula sikelo zipatso zitapsa kale, kapena imagula masabata ochepa ndalama n'kutha. Membala wokhulupirika amapezeka akugulitsa kwa akrabi, osati chifukwa sadziwa ubwino wa malipiro achiwiri, koma chifukwa mwana akufunika fizi lero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Onjezani apo kukayikira komwe kunatsala kuyambira nthawi ya Derg, pomwe anthu ankalowetsedwa m'makoparetivi mokakamiza, komanso atsogoleri ena osafotokoza bwino momwe ndalama zayendera. Ndi chifukwa chake khofi wodutsa m'makoparetivi akadali gawo laling'ono la khofi yense.

Ndi mavuto ati omwe malamulo a msika sanawakhudze?

Loyamba ndi mitengo yokalamba. M'minda yambiri muli mitengo ya zaka makumi angapo yomwe imabereka pang'ono. Mankhwala ake ndi odziwika: kuidula cha m'mawondo kuti iphukire mwatsopano, kapena kubzala ina, monga mitundu yopirira matenda yomwe malo ofufuzira a ku Jimma anasankha m'ma 1970. Koma mtengo wodulidwa umakhala zaka ziwiri kapena zitatu osabereka, ndipo banja lodalira kamunda kamodzi silingagone ndi njala zaka ziwiri. Mtengo wa pa kilogalamu ungakwere bwanji, ngati makilogalamuwo ndi ochepa ndalama imakhalabe yochepa.

Lachiwiri ndi ngongole. Ku Ethiopia nthaka yonse ndi ya boma kuyambira 1975, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1995 anasunga zimenezo. Mlimi ali ndi ufulu wolima ndi kusiyira ana, koma sangagulitse munda, choncho kwa zaka zambiri mabanki sankaulandira ngati chikole. Wobwereketsa amene amatsala ndi wamalonda wa m'mudzi, ndipo iye amabweza zake pa khofi, pa mtengo womwe anagwirizana zipatso zikadali zobiriwira. Malamulo a 2008 ndi 2017 anakangana za yemwe angagule kwa yani ku Addis Ababa, koma funso la yemwe ali ndi ndalama m'manja m'mudzi khofi asanapse silinayankhidwe. Chitetezo nachonso chasokoneza: m'madera ena a kumadzulo kwa Oromia, monga Wollega, kumenyana kwalepheretsa alimi ndi magalimoto kufika m'misika.

Lamulo la European Union loletsa kudula nkhalango likubwera bwanji pamenepa?

Lamuloli, lomwe linakhazikitsidwa mu 2023, likufuna kuti khofi aliyense wolowa m'mayiko a EU asonyezedwe kuti sanachokere pa malo omwe nkhalango inadulidwa pambuyo pa 31 Disembala 2020, ndipo munda uliwonse uyenera kudziwika pa mapu. Tsiku loyambira lasunthidwa kawiri, kuchoka pa Disembala 2024 kufika Disembala 2026. Mayiko a EU, makamaka Germany ndi Belgium, amagula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a khofi wa ku Ethiopia wopita kunja.

Alimi a ku Ethiopia ambiri amalima khofi pansi pa mithunzi ya mitengo, ndipo m'madera ena khofi ndiye wasunga nkhalango. Vuto lawo si kudula mitengo, koma umboni. Kontena imodzi itha kukhala ndi khofi wa alimi mazana kapena masauzande, aliyense ndi timinda tiwiri kapena titatu tomwazikana. Kuyeza timinda tonseti kumadya ndalama, ndipo wogula wofuna kupewa chiopsezo atha kungosankha minda ikuluikulu ya ku Brazil. Pano njira ya 2017 ikuthandiza, chifukwa fakitale yodziwa alimi ake imatha kuwalemba m'kaundula. Mlimi wakutali wogulitsa khofi wouma kwa venda ndiye ali pa ngozi yotsalira kunja, khofi wake n'kumapita kumisika yolipira pang'ono.

Kodi ife kuno tili ndi gawo m'nkhaniyi?

Tili nalo. Khofi wa Geisha yemwe amalimidwa kumpoto kwa Malawi anachokera ku nkhalango za Gesha ku Ethiopia komweko. Alimi athu a ku Misuku, Phoka, Viphya, mapiri a Nkhata Bay, Mzimba ndi Ntchisi nawonso anadutsa m'kusintha kwa boma: bungwe la boma la Smallholder Coffee Authority linathetsedwa mu 1999, m'malo mwake munabwera bungwe la alimi eni ake, lomwe mu 2007 linakhala Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Khofi wathu ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa ku Ethiopia, choncho sitingapikisane pa kuchuluka. Chomwe chimagulitsa khofi wa ku Misuku ndi dzina ndi kukoma kwake, zinthu zomwezo zomwe zinasowa pa ECX. Lamulo la EU likukhudzanso khofi wathu wopita ku Ulaya.

Alimi a fodya auzindikira mkangano wa okushoni ndi kontirakiti, womwe unakula kuno kuyambira 2012: njira imodzi ili poyera koma wogula sakudziwani, inayo wogula amakudziwani koma mphamvu zambiri zili kwa iye. Misika ya mbewu monga ACE ndi AHCX nayo inayambitsidwa ndi malonjezo ofanana ndi a ECX, a risiti ya katundu wosungidwa ndi mtengo woonekera kwa onse. Ndipo aliyense wotumiza katundu kunja kuchokera ku Malawi akudziwa tanthauzo la kusintha gawo la madola ake pa mtengo wa boma pomwe pa msika wamseri dola ili patali.

Kodi ECX inatha?

Sinathe. Ikugulitsabe chitowe, nyemba, soya ndi mbewu zina, ndipo khofi wina akudutsabe kumeneko, makamaka wa akrabi omwe alibe mgwirizano ndi kampani iliyonse kapena omwe akufuna kutsimikiza kuti alipidwa mawa lake. Eleni Gabre-Madhin anachokako mu 2012, ndipo kuyambira 2015 malonda a pa msikawu anayamba kuchitikira pa kompyuta m'malo mofuula pabwalo. Malo ake oyezera ndi kulawira khofi m'matauni a kumidzi akugwirabe ntchito, koma kwa khofi wapamwamba wa ku Guji, Sidama ndi Yirgacheffe, mtengo tsopano umapanganidwa pakati pa fakitale, kampani yotumiza kunja ndi wogula wa kutsidya kwa nyanja, motsatira mtengo wotsikitsitsa womwe boma limalengeza mlungu uliwonse.